Kodi nyenyezi yofiira imene ikutulukira cha ku Chilwa ndi Mars, ndipo iphulika?

Funso, kuchokera kwa mphunzitsi wa Sitandade 7 wa kudera la Jali ku Zomba: "Chiyambireni Juni, dzuwa likangolowa, kum'mawa kukumaoneka nyenyezi yowala kwambiri, yofiirira, ndipo pofika nthawi yogona ikumakhala ili pamutu. Mnzanga wina akuti ndi Mars. Ana a m'kalasi mwanga abwera ndi ina, akuti anaona pa WhatsApp kuti nyenyezi yofiira yatsala pang'ono kuphulika ndipo idzaotcha dziko. Ndiwauze chiyani? Komanso cha pambali pake ndimaona ngati pali utsi. Kodi ndi maso angawa?"

Yankho:

Aphunzitsi, maso anu ali bwinobwino. Malinga ndi mwezi, nthawi ndi mbali imene mwatchula, nyenyezi imeneyo ndi Antares, si Mars. Koma anzanuwo sanaphonye patali. Ziwirizi zimafanana maonekedwe moti anthu akhala akuzisokoneza kuyambira kale, ndipo pafupifupi zaka ziwiri zilizonse Mars imadutsadi pafupi ndi Antares. Mu Ogasiti 2016, Saturn, Mars ndi Antares zinaima pafupifupi pamzere umodzi.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Mars ndi pulaneti, ilibe moto wake, imangobweza kuwala kwa dzuwa, ndipo kuwala kwakeko kumakhala kwa bata. Antares imathwanima, makamaka ikakhala m'munsi ikungotuluka, pamene kuwala kwake kukudutsa mumpweya wochuluka. Nthawi imeneyo imachita kuphethira mitundumitundu. Chinanso, mapulaneti amayenda pakati pa nyenyezi: lero ali apa, pakatha masabata atatu asuntha. Antares siichoka pakati pa zinzake. Pamene mukuionapo ndi pomwe makolo athu ankaionanso.

Ndiye muizindikire ndi zinzakezo. Usiku uno mukaipeza, tayang'anani m'mbali mwake. Muona nyenyezi ziwiri zocheperako kuwala zitaiika pakati, ina uku ina uku. Kumtunda kwake, ikakhala ikungotuluka, kuli zitatu zimene zandanda mopingasa, yapakati ndi Dschubba ndipo ya kumpoto ndi Acrab. Kumunsi kwake kumatsika mzere wautali wa nyenyezi umene umakhota n'kubwerera, ndipo kumapeto kwake kuli ziwiri zoyandikana kwambiri, Shaula ndi Lesath. Zonsezi pamodzi ndiye gulu lotchedwa Scorpius, Chinkhanira. Zitatu zija ndi mutu, mzere wokhotawo ndi mchira, ziwiri zakumapeto ndi mbola, ndipo Antares ili pamtima. Magulu ambiri a nyenyezi amafuna kuti munthu achite kudzikakamiza kuti aone chinthu chimene anawatchulira, koma ili ayi. Mwana aliyense amene anavundukulapo mwala n'kupeza chinkhanira chitatukula mchira adzalizindikira nthawi yomweyo.

Ife a ku Zomba tili ndi mwayi pa nyenyezi imeneyi, ndipo ndimafuna ana athu azidziwa zimenezi. Zomba ili madigiri oposa pang'ono 15 kumwera kwa ikweta, pamene Antares ili madigiri 26 kumwera pa mapu a kuthambo. Zikutanthauza kuti ikakwera kufika pachimake imangotsala madigiri 11 kuti ikhale pamutu penipeni, cha kumwera. Mukatambasula mkono n'kukunga chibakera, kukula kwa chibakeracho ndiye pafupifupi mpata umenewo. Munthu amene ali ku London amaiona itakwera madigiri 12 okha kuchokera pansi, mu chifunga ndi m'magetsi, ndipo mbali yaikulu ya mchira wa Chinkhanira siimutulukira n'komwe. Kuno imatulukira pakati pa kumene kuli Nyanja ya Chilwa ndi kumene kuli phiri la Mulanje, mbali imene phiri la Zomba silitchinga. Kumayambiriro kwa Juni imatuluka dzuwa likamalowa ndipo imafika pamutu cha pakati pa usiku. Pakati pa Julaye imakhala pamutu isanakwane 9 koloko. Usiku uliwonse imafulumira ndi mphindi zinayi, ndiye pamwezi ndi maola awiri.

Tsopano chinthucho n'chiyani? Ndi dzuwa, monga nyenyezi zonse, koma la mtundu wosowa. Akatswiri amaiika m'gulu lotchedwa red supergiant, zimphona zofiira. Pa nyenyezi zonse zooneka usiku imakhala cha pa nambala 15 pa kuwala, komatu ili kutali zedi. Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, ndipo kuchoka padzuwa kufika kuno kumatenga mphindi zisanu ndi zitatu zokha. Kuchoka pa Antares kumatenga zaka pafupifupi 550. Kuwala kumene kukulowa m'maso mwanu usiku uno kunanyamuka m'zaka za m'ma 1400, Vasco da Gama asanazungulire kumwera kwa Africa mu 1497. Kuti chinthu chioneke chowala chonchi chili patali chotero, chiyenera kukhala chachikulu modabwitsa.

Ndipo n'chachikuludi. M'mimba mwake n'motalika kuwirikiza pafupifupi ka 700 kuposa dzuwa lathu. Kuti ana amvetse, tengani njere imodzi ya chimanga, muwauze kuti ili ndiye dzuwa. Pa muyeso umenewo Antares ingakhale chimpira chotalika mamita 7, chodzaza kalasi yonse kuchokera pa bolodi kufika kukhoma la kumbuyo, n'kuboolanso denga. Atati aiike pamene pali dzuwa lathu, ingameze Mercury, Venus, dziko lathu lino ndi Mars yomwe, ndipo malire ake angakhale pakati pa njira ya Mars ndi ya Jupiter. Chodabwitsa n'chakuti kulemera kwake sikulingana ndi kukulako. Imalemera ngati madzuwa 12 kapena kuposerapo pang'ono basi. Zinthu zake zamwazikana m'danga lalikulu kwambiri moti mbali yaikulu ya thupi lake ndi yopyapyala kuposa mpweya timapumawu maulendo masauzande. Ilibe khungu losalala ngati momwe dzuwa limaonekera. Mu 2017 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Keiichi Ohnaka, pogwiritsa ntchito matelesikopu a ku Paranal m'dziko la Chile, linajambula nkhope ya Antares ndipo linapeza zimitanda za mpweya wotentha zikukwera ndi kutsika mwachipwirikiti, zina mpaka kutali ndi nyenyeziyo.

Kufiirako kuli ndi chifukwa chake, ndipo anthu ambiri amachimva chozondoka. Timaganiza kuti chofiira ndiye chotenthetsa. Ayi. Chinthu chikayamba kutentha mpaka kuwala chimayamba ndi kufiira, chikatenthabe chimasanduka chachikasu, kenako choyera, ndipo chotenthetsetsa chimaoneka cha buluu. Kunja kwa dzuwa lathu kumatentha madigiri pafupifupi 5,500. Kunja kwa Antares ndi madigiri pafupifupi 3,400 okha. Ndi yozizirirako, koma chifukwa cha kukula kwake mphamvu yonse imene imatulutsa imaposa ya dzuwa maulendo masauzande makumimakumi.

Pano ndi pamene pagona nkhani yonse, ndiye ndichedwapo pang'ono. Nyenyezi iliyonse imakhala pa mpikisano wa mphamvu ziwiri. Kulemera kwake kumakokera zonse pakati, kufuna kuifinya. Pakatipo, chifukwa cha kufinyikako, pamatentha kwambiri moti haidirojeni amaphatikana n'kukhala heliyamu, ndipo mphamvu yotuluka pamenepo imakankhira kunja. Ziwirizi zikalingana nyenyezi imakhala bwino. Dzuwa lathu lakhala chotero zaka 4.6 biliyoni ndipo likadali ndi zina pafupifupi 5 biliyoni. Koma nyenyezi yolemera imafinyika kwambiri, imatentha kwambiri, ndipo imamaliza haidirojeni wake mwamsanga. Antares ili ndi zaka zapakati pa 11 ndi 15 miliyoni zokha. Pamene zinyama zija zotchedwa madayinoso zinkatha padziko, zaka 66 miliyoni zapitazo, iyo n'kuti kulibe. Poyerekeza ndi dzuwa ndi khanda, komabe yakalamba kale. Haidirojeni wa pakati pake anatha, mtima wake unafinyika n'kutentha koposa, ndipo kutenthako kunatupitsa zigawo zakunja mpaka zinafika kukula kumene tanenaku. Potupapo zinazizira, n'chifukwa chake zafiira. Pamene inali pachinyamata inali yoyera mwabuluu.

Ndiye kodi iphulika? Eya, idzaphulika. Ana anu musawabisire. Nyenyezi zolemera kuposa madzuwa asanu ndi atatu zimatha choncho. Heliyamu akatha imayamba kuphatikiza kaboni, kenako zina zolemererapo, gawo lililonse likutha msanga kuposa lapitalo, mpaka pakati pake padzadze chitsulo. Chitsulo sichitulutsa mphamvu chikaphatikana. Pamenepo mphamvu yokankhira kunja imatha, mtima wa nyenyezi umagwera mkati m'kanthawi kosakwana sekondi, ndipo zigawo zakunja zimaponyedwa kutali pa kuphulika kotchedwa supernova. Chotsala chimakhala kanthu kolimba modabwitsa, kotalika makilomita pafupifupi 20 okha koma kolemera kuposa dzuwa.

Koma mawu akuti "yatsala pang'ono" akawanena akatswiri a zakuthambo sakutanthauza chaka chamawa. Kwa Antares amawerengera nthawi yofika mpaka zaka miliyoni imodzi. Ndipo ngakhale itaphulika usiku uno, dziko silingapse. Kuti supernova iononge mpweya umene umatiteteza ku cheza choopsa, iyenera kuchitikira pamtunda umene kuwala kumayenda zaka zosapitirira 50, ndipo ochenjeretsa amakankhira malirewo kufika cha m'ma 150. Antares ili pa 550. Chimene anthu a nthawi imeneyo adzaone ndi nyenyezi yowala moti izidzaoneka masana kwa masabata angapo, kenako n'kuzilala. Zinachitikapo. Mu 1054 akatswiri a ku China analemba za nyenyezi yachilendo imene inaoneka masana kwa masiku 23. Mu 1604 ina inaphulika m'gulu la Ophiuchus, loyandikana ndi Chinkhanira chomwechi, ndipo katswiri wa zakuthambo Johannes Kepler anaitsatira kwa chaka. Imeneyo ndiye yomaliza kuoneka ndi maso mu mlalang'amba wathu. Mu Febuluwale 1987 ina inaoneka kuchokera kumwera kwa dziko kuno, itaphulikira mu kamlalang'amba koyandikana nafe kotchedwa Large Magellanic Cloud. Palibe imodzi mwa zimenezi imene inaotcha ngakhale udzu.

Mwana wina wanzeru adzakufunsani kuti, popeza kuwala kumatenga zaka 550, kodi sizingatheke kuti inaphulika kale ife sitinaone? Muyamikireni, chifukwa waganiza bwino. N'zotheka ndithu, koma zaka 550 n'zochepa kwambiri poziyerekeza ndi zaka masauzande mazanamazana zimene ingakhale nazo, choncho mwayi wake ndi wochepetsetsa.

Uthenga wa pa WhatsApp uja ndikuona kuti gwero lake ndi nyenyezi ina ya mtundu womwewu, Betelgeuse, imene ili pafupi ndi zitatu zija timati Akamwiniatsatana ndipo imaoneka madzulo m'nyengo ya dzinja. Kumapeto kwa 2019 inayamba kuzilala, ndipo pofika Febuluwale 2020 inali itatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala kwake. Nkhani inafala kuti ikuphulika. Pofika Epulo inali itabwerera, ndipo zinadziwika kuti inalavula mpweya umene unazizira n'kukhala fumbi, fumbilo n'kuitchinga. Mauthenga a nthawi imeneyo akuzungulirabe m'mafoni mpaka lero. Zimandiwawa kuti chinthu choyamba chimene mwana amve za nyenyezi chikhale choopseza, pamene pamwamba pa mutu wake pali zinthu zoti aphunzirepo moyo wake wonse.

Tibwere ku utsi mwaonawo, chifukwa kwa ine ndiye gawo lokoma la funso lanu. Si utsi, ndipo si chinthu chimodzi.

Chachikulu, chimene chayala kum'mawa kwa Antares n'kudutsa pa mchira wa Chinkhanira, ndi mlalang'amba. Ndi nyenyezi mabiliyoni zimene zili kutali kwambiri moti diso silingazilekanitse. Mbali imeneyi ndi yowala ndi yotakata kuposa kwina kulikonse chifukwa mukayang'ana kumeneko mwalunjika pakati penipeni pa mlalang'amba wathu, pamtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 26,000. Pakatipo pali black hole, chinthu chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikungathaweko, yolemera ngati madzuwa 4 miliyoni, ndipo chithunzi chake choyamba chinatuluka mu Meyi 2022. Malo amenewonso amadutsa pafupifupi pamutu pathu kuno ku Zomba. Mukayang'anitsitsa muona kuti muli timisewu takuda, tina tochokera cha pa Antares pomwe kulowera mu mlalang'ambamo. Si kuti mulibe nyenyezi. Ndi mitambo ya fumbi lozizira imene yatchinga za kumbuyo kwake.

Mtambo umodzi mwa imeneyi uli kumpoto pang'ono kwa Antares, pa nyenyezi yotchedwa Rho Ophiuchi, ndipo ndi amodzi mwa malo apafupi kwambiri ndi ife kumene nyenyezi zikubadwa panopa. Uli pamtunda wa zaka za kuwala 400 ndi kupitirirapo pang'ono. Mu Julaye 2023, pokumbukira kuti telesikopu ya James Webb yatha chaka ikugwira ntchito, anatulutsa chithunzi cha malo amenewa choonetsa nyenyezi zakhanda pafupifupi 50, zina zikulavula mpweya mbali ziwiri. Mukasaka pa intaneti mudzapeza zithunzi za dera limeneli zokhala ndi chikasu, buluu ndi kufiira. Chikasucho ndi fumbi lowalitsidwa ndi Antares. Anawo muwachenjezeretu kuti mitundu imeneyo imaoneka ndi kamera imene yatsegula diso kwa nthawi yaitali. Diso la munthu siliiona, ndipo asaganize kuti asochera.

Tsono ngati pasukulu panu kapena kwa wina wapafupi pali ma binoculars, ngakhale akale, abwerekeni. Lunjikani pa Antares, kenako musunthe pang'ono kulowera kumene kuli mutu wa Chinkhanira, mpata wongoposa kukula kwa chala chakankombaphala mkono utatambasulidwa. Muona kampira kotuwa, kosalongosoka m'mphepete. Imeneyo ndi M4, chimulu cha nyenyezi masauzande makumimakumi zounjikana pamodzi. Katswiri wa zakuthambo Charles Messier anailemba pamndandanda wake mu 1764. Ikuoneka ngati yagundana ndi Antares, koma ili kutali kuwirikiza kakhumi ndi kuposa, pamtunda wa zaka za kuwala zoposa 6,000. Nyenyezi zake zili ndi zaka zoposa 12 biliyoni, zinabadwa dzuwa lathu kulibe, chilengedwe chikadali chatsopano. Zakhalitsa chotero chifukwa n'zopepuka, zimayaka pang'onopang'ono. Mu galasi limodzi lomwelo mukuona nyenyezi ya zaka mamiliyoni ochepa imene ili kumapeto, ndi zina zakale kuiposa maulendo chikwi zimene zikuyakabe. Palibe chithunzi cha m'buku chimene chingaphunzitse bwino kuposa pamenepa kuti moyo wa nyenyezi umadalira kulemera kwake.

Pafupi ndi mbola pali kachigamba kena kowala kooneka ndi maso okha, M7, kamene katswiri wamakedzana Ptolemy anakalemba kale cha m'chaka cha 130 AD. Pa ma binoculars kamabalalika n'kukhala nyenyezi zambirimbiri. Chapafupi pomwepo pali M6, kakang'onoko.

Nyenyezi zambiri zimene zimaoneka zoyandikana kuthambo sizikhala paubale, zimangopezeka mbali imodzi. Koma kumtunda kwa Chinkhanira n'kosiyana. Antares, Dschubba, Acrab ndi zina zoyera za m'deralo zinabadwa mu mtambo umodzi, pa nthawi yofanana. Zinzakezo zikadali zoyera mwabuluu chifukwa sizinamalize haidirojeni wawo. Antares inatsogola kukalamba chifukwa inabadwa yolemera kuposa zinzake. Dschubba ili ndi nkhani imene ndimakonda kuuza achinyamata. M'chaka cha 2000, Sebastián Otero wa ku Argentina, amene ankayang'ana nyenyezi mongozikonda, anazindikira ndi maso ake okha kuti yawala kuposa kale. Akatswiri atafufuza anapeza kuti yayamba kutaya mpweya umene wapanga chimbale moizungulira. Analibe makina alionse. Ankangodziwa bwino thambo lake.

Antares ilinso ndi mnzake woizungulira, Antares B, wotentha kwambiri ndi wa buluu, amene amabisika m'kuwala kwa mkulu wakeyo. Pamafunika telesikopu yabwino kuti aoneke, ndipo oyang'ana ambiri amati amaoneka wobiriwira chifukwa chokhala pambali pa kufiira. Anaoneka koyamba mu 1819 ku Vienna, pamene mwezi unadutsa patsogolo pa Antares. Katswiri wina, Johann Tobias Bürg, anaona kanyenyezi kakang'ono kakutuluka kumbuyo kwa mwezi masekondi ochepa yaikuluyo isanatuluke. Mwezi umadutsa pafupi ndi Antares masiku 27 alionse, ndipo zaka zina umaiphimbiratu. Mwezi wathunthu wa kumapeto kwa Meyi kapena wa kumayambiriro kwa Juni umakhala m'dera limeneli.

Za kalasi yanu, ndingalangize izi. Sankhani usiku wopanda mwezi, mu Julaye kapena kumayambiriro kwa Ogasiti, pamene chiperoni chachoka ndipo thambo layera. Musadikire Seputembala ndi Okutobala, chifukwa utsi wa moto wa kutchire ndi fumbi zimaphimba mlalang'amba. Kwanu ku Jali kuli mdima wabwino kuposa pakati pa tawuni, choncho simukufunika kukwera ku Chawe pa phiri la Zomba. Pabwalo la sukulu m'pokwana, makolo atavomera ndipo ena mwa iwo atabwera nawo. Zimitsani matochi ndi mafoni, mukhale mphindi 20 kuti maso azolowere, ndipo anawo agone chagada pamphasa atafunda, chifukwa khosi limatopa msanga. Aliyense ajambule Chinkhanira m'kope mmene akuchionera, alembe tsiku ndi nthawi, ndipo pakatha masabata awiri adzajambulenso pa ola lomwelo n'kuona kuti chasunthira kumadzulo motani. Amene achita chidwi apatseni ntchito yokhalitsa. Kuwala kwa Antares kumakwera ndi kutsika pang'onopang'ono pa miyezi ndi zaka, ndiye aziiyerekeza ndi nyenyezi yowala kwambiri ya pa Mtanda wa Kumwera, gulu looneka ngati mtanda cha kumwera, n'kumalemba imene yaposa inzake.

Pofika Okutobala muzidzaipeza kumadzulo dzuwa likalowa, mutu wa Chinkhanira utaloza pansi. Pakati pa Novembala imalowa m'kuwala kwa dzuwa, limene limadutsa pafupi nayo kumayambiriro kwa Disembala. Mu Januwale imayambanso kuoneka kum'mawa m'bandakucha, nthawi imene anthu akulawirira kumunda kukapalira.